Misomali ya a Hadiweya

Ndikukumbukira chaka chimene tinatsika ku Dambe kudzakhala pa Zalewa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwana wozolowera mphepo ya kumapiri ndi minda ya kachewere, moti kutentha kwa kuno kunkanditulutsa thukuta ngakhale nditangokhala pamthunzi. Tinabwera anayi: bambo, mayi, ine Limbani, ndi mlongo wanga Tadala, yemwe nthawi imeneyo anali akuphunzira kumene kuyenda.

Zalewa inali itayamba kufufuma. Pamene lero waona chimanga, mwezi wamawa upezapo maziko a nyumba. Aphunzitsi, anamwino, madalaivala, ngakhale anthu ogwira ntchito ku Blantyre amene anatopa ndi lendi, onse ankagula mapuloti n'kubwera ndi akazi ndi ana awo. Mauvuni a njerwa ankafuka utsi mbali zonse, ndipo njira imene wadzera popita kusukulu unkatha kuipeza yatsekedwa ndi mpanda pobwerera. Bambo anaona zimenezi msanga, n'chifukwa chake anagulitsa ng'ombe zawo n'kutsegula kashopu ka zomangira m'mbali mwa msewu. Munali simenti, malata, penti, mapiki, mafosholo ndi misomali yoyeza pa sikelo. Pasanapite nthawi dzina lawo linaiwalika, aliyense ankangowatchula kuti a Hadiweya.

Ndisawanamizire, bambo anga sanali munthu woipa. Sankamwa, sankamenya, ndipo womanga akaperewera thumba la simenti ankamukhulupirira. Koma anali ndi mawu awo amodzi amene ankawabwereza mpaka ife kuwaloweza: kuno tinabwera kudzasaka, kwathu ndi ku Dambe. Nyumba anamanga ya njerwa zowotcha, ya malata, mango anadzala pabwalo, komabe mumtima mwawo anali mlendo woti mawa anyamuka. Uthenga wa maliro ukachokera ku Dambe, shopu inkatsekedwa pomwepo, iwo n'kukwera lole pamwamba pa matumba, kukakhala kumeneko masiku angapo. Kumeneko ankalowa nawo m'gulu la adzukulu, okumba manda aja, ndipo amati pa khasu analibe mnzawo.

Maliro a pa Zalewa ndiwo anali ndi lamulo lina. Tikangoona masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro chakuti pena pagwa zovuta, bambo ankatsitsa wailesi, n'kuyeza misomali yokwanira bokosi, n'kuikulunga m'pepala la thumba la simenti. Kenako ankandiitana kuti ndikasiye kusiwa, ndikanene kuti a Hadiweya apepesa. Maliro akamadutsa pamsewu ankatseka chitseko chimodzi, n'kuima pakhonde chipewa chili pachifuwa. Akangodutsa, chitseko chija chinkatsegukanso. Kwa iwo nkhani inali itatha, ndipo ankaona kuti achita zazikulu, poti misomaliyo inali yaulere.

Mayi sankagwirizana nazo. Iwo ankanyamula beseni la ufa ndi mtolo wa nkhuni, kukagona kusiwa ndi amayi anzawo, ngakhale womwalirayo asakumudziwa bwino. Pobwera ankawauza bambo mosapsatira kuti maliro n'kulirana, ndipo anthu akuona. Bambo ankayankha kuti womanga amene wasakaniza kale mchenga sangadikire maliro, apita kushopu ina, ndipo shopu zinazo zinali zikuchuluka mwezi ndi mwezi. Ine ndinali kumbali ya bambo, ndisabise. Ndinkaona ngati mayi ndi achimidzimidzi, sakudziwa kuti tsopano tili m'tauni.

Woyandikana nafe anali a Bauleni, mbadwa ya pa Zalewa, munthu woumba njerwa. Puloti yathu inali mbali ya munda wawo. Madzulo aliwonse ankabwera pakhonde la shopu kudzasewera bawo ndi bambo, akunyozana ngati ana. A Bauleni ankati anthu a kumapiri amaganiza mochedwa chifukwa ubongo unauma ndi chisanu, bambo n'kubweza kuti a kuchigwa wawo unapsa kale ndi dzuwa. Akazi awo, a Nangozo, analibe mwana wamng'ono, choncho anangomutenga Tadala ngati wawo. Mayi akapita kumsika, Tadala ankakhala kumbuyo kwa a Nangozo tsiku lonse, ndipo ankabwera kunyumba mkamwa muli mbuu ndi malambe.

A Nangozo anamwalira m'nyengo yotentha, mvula ili pafupi, nthawi imene aliyense amathamangira kufolera nyumba. Tsiku limenelo pashopu panali ngolo ndi njinga zodikira malata. Mayi anachonderera kuti lero lokha mutseke, awa si anthu apatali. Bambo anayang'ana mzere wa ogula, n'kunena kuti apita masana zikachepa. Anayeza misomali, ulendo uno yochulukirapo, n'kundipatsa.

Ndinawapeza a Bauleni atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba yawo, maso ali psuu. Ndinagwada, n'kupereka kaphukusi kaja ndi manja awiri, n'kunena mawu anga oloweza. Anakatembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Kodi bambo ako akudwala?" anandifunsa.

Ndinati ayi, ali kushopu.

"Chabwino, mwana wanga. Ukathokoze."

Masana aja ogula sanachepe, ndipo bambo sanapite. Kuyambira pamenepo bawo linangokhala pansi pa kauntala likudya fumbi. A Bauleni ankapereka moni bwinobwino akamadutsa, koma pakhonde sankakweranso. Bambo ankati ndi chisoni chabe, chikatha abwera.

Mvula ya chaka chotsatira inagwa yoopsa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Tadala anayamba kutentha thupi, tinamutengera kuchipatala, anatiuza kuti ndi malungo. Anamuthandiza ndithu, koma matendawo anathamanga kuposa mankhwala. Kamwana kamene dzana lake kankathamangitsa nkhuku pabwalo kanatisiya m'mawa, kali m'manja mwa mayi.

Bambo sanalire. Anangoti mwana akagona kwawo, ku Dambe, pafupi ndi agogo ake, n'kutuluka kukasaka galimoto. Anazungulira siteji yonse. Madalaivala onse anakana, osati chifukwa cha mtengo, koma msewu wokwera kumapiri unali utasanduka phala, ndipo pena madzi anali atakokolola kamlatho. Anaimba foni kumudzi, amalume n'kunena kuti musayese dala, ngakhale iwowo alibe podzera kuti atsike. Ndipo kutentha kwa pa Zalewa, mvula ikangokata pang'ono, sikulola kusunga maliro. Kunalibe kuchitira mwina, Tadala anayenera kuikidwa konkuno, kumalo kumene bambo ankati tinangobwera kudzasaka.

Eni mudzi sanavute, malo kumanda anatipatsa. Amayi anabwera ambiri, nyumba inadzaza, ena mpaka pakhonde, akuimba nyimbo za tchalitchi ndi kulira pamodzi ndi mayi. M'mawa mwake abambo nawonso anabwera, n'kukhala pansi pa mtengo wa masawu umene unali pabwalo pathu. Ine ndinali pambali pa bambo pamphasa. Ndinaona kuti palibe amene wanyamula khasu kapena piki, koma ndinkaganiza kuti mwina azisiya kumanda.

Kenako mkulu wina anadzuka, anabwera mwaulemu, anagwada, n'kuika kaphukusi ka pepala la simenti patsogolo pa bambo. Anati pepani a Hadiweya, n'kubwerera pokhala pake. Anadzuka wina, n'kuchita chimodzimodzi. Anabwera winanso. Palibe anakweza mawu, palibe anatukwana. Bambo anamasula kaphukusi koyamba kokha, ndipo misomali inakhuthukira pamphasa. Enawo sanawakhudze. Ine manyazi anandigwira, chifukwa mapepala amenewo ndinkawadziwa, ndi ine ndinkawanyamula.

Bambo anadzuka mwakachetechete n'kupita kwa anyamata aganyu amene ankakumba maziko kuseri kwa msika. Anawalonjeza malipiro abwino. Anyamatawo anayang'ana pansi, n'kunena kuti manda sakumba ndi ganyu, komanso iwo ndi obwera, akufuna kukhala bwino ndi anthu. Ndiye bambo anatsegula shopu, anatenga piki ndi fosholo zatsopano, zikadali ndi mapepala a mtengo. Analowa m'nyumba ndi bango, n'kumuyeza okha mwana wawo, ntchito imene kwathu mwini maliro saigwira. Atatuluka anandipatsa bangolo, n'kungoti tiye. Linkandilekeza m'chiuno.

Kumanda ndinali ndisanalowemo chibadwire. Munali zii, fungo la masamba onyowa, ndi udzudzu wochita kulira m'makutu. Bambo anagoneka bango pansi, analemba malire ndi nsonga ya piki, n'kuyamba. Dothi la ku Dambe ndi lofewa, khasu limangolowa. La pa Zalewa pamwamba ndi matope omata, pansi ndi miyala yokhayokha. Piki inkadumpha n'kutulutsa moto. Iwo ankaswa, ine n'kumachotsa ndi fosholo, ndipo dothi linkakana kuchoka pafosholopo mpaka ndilikankhe ndi phazi. Manja anga anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Kutali tinkamva malole akudutsa pamlatho wa Shire, ndi nyundo za anthu okhoma malata, poti tauni sinaime chifukwa cha ife.

Dzuwa linafika pamutu dzenje lisanapitirire m'mawondo. Mpini wa piki unali utafiira ndi magazi a m'manja mwa bambo. Anamenya mwala wina kangapo osasuntha, kenako anangosiya piki, n'kukhala pansi m'dzenjemo, n'kuyamba kulira. Sanalire ngati mwamuna wobisa nkhope ayi, analira mokuwa, akutchula dzina la Tadala. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo ndinachita mantha kuposa mmene ndinkaopera manda aja. Ndinaganiza kuti mlongo wanga agona m'nyumba tsiku lina, ndi kutentha kumeneku, chifukwa ife awiri talephera.

Ndipamene ndinamva mapazi m'masamba. Anali a Bauleni, piki yawo yakale ili paphewa, ndipo kumbuyo kwawo kunali abambo aja a pansi pa msawu, aliyense ndi chida chake. A Bauleni anaima m'mphepete mwa dzenje, n'kutambasula dzanja.

"Tulukani, a Hadiweya. Bambo sakumbira mwana wake."

Bambo anagwira dzanjalo, n'kutuluka. A Bauleni anavula malaya, n'kutsikira m'dzenje. Asanamenye anayang'ana m'mwamba.

"Ine ndadzera mwanayu. Mayi aja ankamubereka kumbuyo." Analoza ndi mutu mtumbira wina chapafupi, umene udzu unali utayamba kumerapo. "Agona apo. Simunapaone, eti? Pitani mukapaone."

Bambo anapita. Anaima pamanda a a Nangozo manja ali lende, magazi akudontha, mpaka adzukulu anamaliza ntchito. Tadala tinamuika madzulo a tsiku lomwelo, mvula ikuwaza pang'ono, ndipo bokosi lake linakhomedwa ndi misomali ya pamphasa ija.

Kuchokera tsiku limenelo piki ija sinagulitsidwe. Inkakhala kuseri kwa chitseko cha shopu, ndipo masamba akangoyalidwa pamsewu, zitseko zonse ziwiri zinkatsekedwa ndi loko, kaya pali ogula kaya palibe. Bambo ankakhala oyamba kufika kumanda, kwa mbadwa ndi kwa obwera omwe. Za kubwerera ku Dambe sanazitchulenso. Anthu anawakhululukira, moti iwo atamwalira adzukulu anachita kulandizana piki chifukwa chochuluka. Koma bawo lija silinabwerere pakhonde. A Bauleni ankabwera kudzagula zinthu, ankacheza pang'ono ataimirira, basi. Bambo atakalamba anandiuza tsiku lina kuti pa maliro onse amene anakumba, amene ankafunitsitsa kupitako ndi amodzi okha, a a Nangozo aja, ndipo amenewo sabwereza.

Lero ndine bambo wa ana atatu, ndikukhala pa Zalewa pomwepa. Tauni yakula moti nyumba zafika m'mphepete mwa manda aja, ndipo msawu wa pabwalo pathu unadulidwa kuti pamangidwe nyumba za lendi. Nanenso ndinamanga mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, monga anachitira anzanga onse mumzere wathu. Posachedwapa ndinamva nyimbo ya maliro kuseri kwa mpandawo. Ndinafunsa mkazi wanga kuti wamwalira ndani, iye osadziwa, poti anthu oyandikana nafewo anangolowa m'nyumbamo chaka chatha. Ndinatenga piki ya bambo n'kuthamangira kumanda. Ndinapeza dzenje latha kale, anyamata olipidwa akusamba m'manja, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndikusaka ganyu.

Ndinabwerera n'kukakhala kusiwa, piki ili pakati pa miyendo, pakati pa anthu amene sankandidziwa ndipo ine sindinkawadziwa. Zinandiwawa kwambiri. Ndili mwana ndinkaona ngati abambo a pansi pa msawu aja anatichitira nkhanza, ndipo kwa zaka zambiri ndinkawasungira chakukhosi. Tsopano ndikumvetsa kuti anavutika kusunga misomali, kubwera, kukhala pansi ndi kutichititsa manyazi chifukwa ankatiwerengera kuti ndife anzawo, ndipo ankafuna kuti tikhale anthu a pano. Mumzere wathu lero palibe amene angandibwezere misomali. Ine ndikadzalephera kupita kwa mnzanga, palibe adzazindikire n'komwe.