P ndi Pita, D ndi Dikira

Pikapu ya dizilo ya alamu anga, yomwe ilibe kilatchi, inakoka chigayo kuchokera ku Lisungwi mpaka ku Matandani, ndipo giyabokosi yake idakali moyo mpaka lero. Ndinali momwemo, pampando wakumbuyo.

Nkhaniyi yagona pa mwendo. Alamu angawa, amuna a achemwali anga aakulu, ananyamulira anthu katundu pa boma la Neno zaka zambiri mpaka tsiku lomwe anagwa ndi njinga yamoto, bondo lakumanzere n'kuuma. Kuyenda amayenda, kutchalitchi amavina ndithu ndi mapewa, koma kuponda kilatchi kunakanika. Anakhala pakhonde miyezi yambiri akuona magalimoto a anzawo akudutsa. Kenako anagulitsa galimoto yawo yakale ndi ng'ombe ziwiri, n'kugula pikapu yoyendapo kale ya otomatiki, ija yosintha magiya yokha. Pansi pali zopondera ziwiri basi, buleki ndi moto. Mwendo umodzi umakwana.

Vuto linali pakamwa pa anthu. Pa boma panamveka kuti galimoto yotere ndi ya m'tauni, yoperekezera ana kusukulu, ndipo ukaimangirira ngolo kumbuyo pa zitunda zakwathu giyabokosi imapserera. Amalonda a mbatata ndi manachesi, omwe kale ankawaimbira foni alamu tsiku ndi tsiku, anangoti zii. Akakumana ankapereka moni mwaulemu, kufunsa za bondo, katundu n'kupereka kwa ena. Popanda ntchito yokoka ngolo, alamu akanabwerera pakhonde paja.

Wotsogolera nyimboyi anali amalume athu, omwe anayendetsa malole kuyambira ine ndisanabadwe. Iwo ankati galimoto yosalizika pokankha si galimoto. Umboni anali nawo. Kwathu dalaivala wanzeru amaimika galimoto itayang'ana kumtsetse, kuti batire ikagona m'mawa angoitayirira, n'kuigwira ndi giya, injini n'kulira. Tsiku lina batire ya pikapuyo inagonadi. Amuna asanu ndi mmodzi anaikankha kuchokera pamsika, inatsetsereka bwinobwino mpaka kumunsi, ndipo inafika ili chete ngati yopita kumaliro. Otomatiki siilizidwa pokankha. Amalume anaikamba nkhaniyi sabata yathunthu, ndipo tsiku lililonse okankha ankachuluka.

Achemwali nawonso anawonjezera chawo. Tsiku loyamba pikapu itafika pakhomo, anakhala pachiwongolero n'kuyang'ana zilembo zomwe zili pafupi ndi ndodo ya magiya: P, R, N, D, 2, L. Anatiuza kuti safunika mphunzitsi, azimva zonse. P ndi Pita. R ndi Rivesi. N ndi Neno. D ndi Dikira. L ndi Lisungwi. Titafunsa za 2, anati ndi chiwerengero cha anthu oyenera kukhala kutsogolo, mwamuna ndi mkazi wake. Anasiya ndodo pa P n'kuponda moto. Injini inabangula, nkhuku zinabalalika, pikapu sinasunthe ngakhale pang'ono. Zoona zake n'zakuti P ndi yoimikira, N ndi fili, pomwe injini siikoka matayala, D ndiye yoyendera, pomwe 2 ndi L ndi magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono. Achemwali anakhoza chilembo chimodzi chokha. Koma m'banja mwathu D anakhalabe Dikira.

Mwayi unabwera nthawi yokolola. Amalume anagula chigayo chakale ku Lisungwi, pamodzi ndi injini yake, zonse zitakhala pa ngolo ya matayala awiri. Ankafuna kukachidzala ku Matandani chimanga chikadali chambiri m'nkhokwe. Lole yomwe anapangana nayo inali itapita kwina. Achemwali anapita kukawakumbutsa kuti mkamwini wawo ali ndi galimoto. Amalume anavomera, koma anati akhale kutsogolo kuti imfa ya giyabokosiyo aione ndi maso awo. Lisanalowe dzuwa, osewera bawo pa boma anali atamva, ndipo analonjeza kuti mawa sachoka pamalopo.

Ine ndinali nditabwera kumudzi kudzapuma ku ntchito yanga ya utolankhani. Madzulo amenewo ndinatenga kabuku ka galimotoyo m'kabokosi ka kutsogolo n'kuwerenga gawo la kukoka ngolo. Mfundo zinali zitatu. Choyamba, chomwe chimapha giyabokosi yotere ndi kutentha kwa oyilo wake. Chachiwiri, pokwera chitunda ndi katundu wolemera osaisiya pa D, chifukwa imangosinthasintha magiya ndipo kusinthasinthako ndiye kumatenthetsa. Uiike pa 2 kapena L. Chachitatu, kanyali kochenjeza kakayaka, ima, ika pa P, injini isiye ikulira kuti oyilo azizungulira n'kumazizira. Ndinaonanso kulemera komwe kabukuko kamalola. Malinga ndi wogulitsa chigayo, katundu wathu anali m'kati mwa malire, koma osati patali. Nditawauza alamu zonsezi, anandiyankha kuti atolankhani amadziwa mapepala, galimoto amaidziwa ndi madalaivala.

Tinanyamuka ku Lisungwi dzuwa litakwera kale, chifukwa kumanga zingwe kunatenga nthawi ndipo amalume anamasula mfundo iliyonse n'kumanganso okha. Kunkatentha. Ine ndi achemwali tinakhala kumbuyo ndi thumba la manachesi pakati pathu. Pachigwa zonse zinayenda bwino moti alamu anayamba kuimba mluzu. Amalume anakhala mowongoka pampando, phazi lawo lakumanzere likuponda kilatchi yomwe kulibe nthawi iliyonse injini ikasintha mawu.

Pa kamtsetse koyamba ndinaona dzanja lamanja la amalume likukwawira ku ndodo ya magiya. Madalaivala akale amakonda kutsetsereka pa fili kuti asunge dizilo, zomwe kabuku kaja kankaletsa, makamaka uli ndi ngolo kumbuyo. Mwana wa mlongo wawo sangamenye dzanja la malume ake. Achemwali anangotenga nachesi n'kuliika m'dzanjamo.

"Amalume, nachesi."

Anathokoza n'kuyamba kusenda. Pa mtsetse wachiwiri, nachesi linanso. Pofika m'munsi mwa chitunda chachikulu chokwerera ku boma, makoko anali atadzaza chipewa chawo.

Pamenepo ndinawakumbutsa alamu za 2. Anati galimotoyi ili ndi nzeru zake, anaigulira zomwezo, ndipo anaisiya pa D. Tinayamba kukwera. Giyabokosi inatsika giya, injini n'kukuwa; inakwera giya, mphamvu n'kutha; inatsikanso. Inkachita ngati munthu yemwe wafika pamsika wa kaunjika, kutola ichi, kusiya, kutolanso chomwecho. Fumbi lofiira linkalowa pawindo. Kumbuyo chigayo chinkagwedeza mutu. Mluzu wa alamu unatha. Kenako tinamva kafungo konga ka mafuta okhalitsa pachiwaya, ndipo kanyali kanayaka.

Amalume ndiwo anayamba kukaona. Anangoloza ndi chidutswa cha nachesi.

Aliyense anali ndi nzeru yake. Amalume anati galimoto izimitsidwe, tithire madzi ozizira pansi pake monga ankachitira ndi radiyeta za malole. Ine ndinkafunafuna tsamba lija m'kabuku, lomwe linkangothawa zala zanga. Alamu anati saima. Anati panatsala pang'ono kuti tifike pamwamba, ndipo tikaima pano akabaza odutsa akafikitsa nkhani ku bawo ife tisanamalize kutsegula zitseko. Akangomva kuti yaima pachitunda, basi, palibe wamalonda adzawaimbirenso. Sanali kunama. Koma kukakamira kukanaipha giyabokosiyo pomwepo, ndipo nayo ntchito ikanafera limodzi. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo.

Achemwali anatsamira kutsogolo, n'kuika chibwano pa mpando wa amuna awo.

"Abambo, chichokereni ku Lisungwi mwaiika pa D. Yakhala ikukuuzani chochita, inu osamva."

"Ikuti chiyani?"

"Dikirani."

Alamu anayesa kulimbitsa nkhope, koma mapewa aja anawaulula kuti akuseka. Anapatukira pamalo otakasuka pansi pa mtengo wa msuku. Ine ndinali nditalipeza tsamba, ndipo ndinawerenga mokweza kuti aike pa P, injini asazimitse. Achemwali anati ndiye kuti poima timaika pa Pita, poyenda pa Dikira, azunguwa analemba mosemphanitsa ndipo iwo anali atakonza kale. Tinaseka mpaka amalume anatsamwa ndi njere ya nachesi, ine n'kuwamenya pamsana, ulemu wonse n'kuiwalika.

Tinatsika, n'kuika miyala kuseri kwa matayala a ngolo. Injini inkalira pang'onopang'ono. Sipanapite nthawi, wakabaza wina wachikulire, yemwe tonse timamudziwa kuti pakamwa pake sipagona nkhani, anatulukira kuchokera kumunsi. Anachepetsa liwiro, n'kuyang'ana pikapu, ngolo, ndi ife.

"Yafa eti, madala?"

Alamu anatsegula pakamwa, koma anayankha ndi amalume.

"Chakufa chimalira? Tamverani injiniyo. Ife tikudya manachesi. Kapena boma laletsa?"

Wakabaza uja anamvetsera, n'kuvomera kuti ikuliradi. Achemwali anamupatsa manachesi awiri, ndipo anapita alibe nkhani yoti akagulitse. Tonse tinatembenukira amalume. Iwo anati tisawayang'ane choncho, chigayocho n'chawo, ndipo mkamwini wa pabanja pawo amanyozedwa ndi iwo okha.

Theka la ola lisanakwane, kanyali kanazima. Ndinkayang'ana nthawi pafoni. Alamu anapukuta manja pathalauza, n'kukokera ndodo pa L osandiyang'ana. Achemwali anachenjeza kuti tsopano tibwerera ku Lisungwi. Pikapu inanyamuka ngati ng'ombe yodziwa goli, pang'onopang'ono, mawu amodzi osasintha, mpaka pamwamba. Mayi wina wosenza nkhuni tinayenda naye limodzi kamtunda ndithu, akutifunsa za kumudzi.

Pa boma osewera bawo analipodi, ena ataimirira pa mabenchi. Alamu anadutsa mosathamanga, chigongono pawindo, nkhope ngati ya munthu amene amakoka zigayo tsiku lililonse asanamwe tiyi. Achemwali ankabayibitsa ndi manja onse awiri. Amalume anatulutsa mutu n'kuuza gulu lonse kuti wofuna kugayitsa abwere ku Matandani, ndipo amene ankati galimotoyi siikoka adzichitira yekha manyazi. Palibe anawakumbutsa kuti woyamba kunena anali ndani.

Kuchoka pa boma kupita ku Matandani tinaimanso kawiri, kanyali kasanayake n'komwe. Alamu ankangoti, "D," n'kupatuka. Pamitsetse ankaika pa 2, injini n'kumagwira katundu m'malo motopetsa mabuleki, ndipo apa amalume anavomereza poyera kuti chimenechi n'chiyendetsedwe cha malole chenicheni. Manachesi anali atatha, koma dzanja lawo silinapitenso ku ndodo. Tinafika dzuwa likadalipo. Anthu anatsitsa chigayo ndi nyimbo, pomwe alamu anazungulira pikapu yawo kawiri akutsimphina, akuisisita ngati mwana wakhoza mayeso.

M'mawa mwake tinapita kwa makaniko pa boma. Makanikoyo anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi n'kudonthezera pa tsamba loyera lomwe ndinang'amba m'kope langa. Anatifotokozera kuti oyilo wabwino amakhala wofiira, wopsa amada n'kumanunkha chiwaya. Wathu anali wofiirabe, atangodera pang'ono. Makaniko anati tinaima nthawi yabwino, ndipo tikanakakamira chitunda chija akanatigulitsa giyabokosi ina. Analangiza kusintha oyiloyo msanga, kumamusintha pafupipafupi kuposa galimoto yosakoka kanthu, ndiponso kuika kachipangizo kena koziziritsa oyilo kutsogolo kwa radiyeta. Alamu anachita zonse zitatu. Tsamba lija analisunga m'kabokosi limodzi ndi kabuku, komwe tsopano amakatchula kuti kabuku kawo.

Ulendo umodzi sungatsimikize kuti giyabokosi idzakhala zaka zingati, ndipo ine sindinena zomwe sindinaone. Zomwe ndaona ndi izi. Foni ya alamu inayambanso kulira sabata yomweyo. Akoka mbatata, njerwa ndi matumba a chimanga pa zitunda zomwezo, ndipo kanyali kaja sikanayakenso. Pansi pa msuku uja amaimabe ulendo uliwonse, moti amayi awiri ayamba kugulitsapo nthochi.

Sabata yatha amalume anafika pakhomo pa achemwali akudandaula kuti mawondo awo nawonso ayamba kulankhula. Anazungulirazungulira, kufunsa za ana, za nkhuku, za mtengo wa dizilo, kenako n'kufunsa ngati mkamwini angawalole kuigwirako pikapuyo pachigwa cha ku Lisungwi, pomwe palibe anthu ambiri owadziwa. Alamu avomera. Apita Loweruka likubwerali, ndipo zilembo akawaphunzitsa ndi achemwali.