Che Lukiya ndi lole imene inaleka kupendekeka

Inu obadwa misewu itapakidwa kale phula simungawadziwe Che Lukiya, ndipo mwina mwapulumuka. Anali mayi wa ku Chiuta, wamfupi, wa mawu ngati lipenga la asilikali a ku Zomba, wogulitsa milamba yowamba. Sankakhulupirira munthu. Ukawapatsa moni wokoma ankayamba ayang'ana dengu lawo, kenako n'kuyankha. Amuna awo anapita ku Joni osabwerako, choncho ana ankadya za m'madengu momwemo.

Ine ndinawadziwa itangotha njala ya fote naini. Ndinkagulitsa mphasa, ndipo tinkakwera limodzi lole ya Mmwenye wina wa sitolo ku Balaka, yotenga nsomba ku Chiuta, kudzera pa Nsanama, kuwoloka Shire pa Liwonde, kuti zikapeze sitima.

Lole imeneyo inali ndi nthenda. Ikafika pa makona otsikira ku Liwonde inkapendekeka ngati bambo wochokera ku kachasu. Pansi madengu, pamwamba pa madengu ife. Mankhwala ake anali Che Lukiya. Ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, pamene fumbi silifika, ndipo kona ikamayandikira ankakuwa kuti, "Kumanja nonse!" Ife gulu lonse, Asilamu ndi Akatolika, n'kuunjikana mbali imodzi mpaka lole itadzuka. Ena anapezera akazi momwemo. Ine ayi, musandiyang'ane choncho. Chifukwa cha kukuwako, dalaivala Wyson sankawalipiritsa, iwo ndi madengu awo omwe. Malo amenewo ndiwo anali munda wa Che Lukiya.

Tsiku lina lole inabwera ndi mlendo kutsogolo: Che Uladi, makaniko wa pafupi ndi siteshoni ku Balaka, atavala malaya ochapa. Che Lukiya anandigunda ndi chigongono.

"Makaniko akachapa malaya ndiye kuti wachita kanthu."

Pa kona yoyamba anakuwa monga mwa masiku onse, ife n'kuthamangira kumanja, n'kupondana zala pachabe. Lole inakhota ili chilili. Pa kona yachiwiri Wyson anatulutsa mutu pawindo.

"Amayi, sungani mawuwo. Anthuni khalani pansi!"

Pa Liwonde, tikudikira pantoni yotiwolotsa Shire, Che Lukiya anamanga nsalu mwamphamvu n'kukwawira pansi pa lole. Anatuluka mafuta ali pamphumi.

"Che Uladi, chimpiringidzo chachitsulo chili pansipo n'cha chiyani?"

"Chimenecho, amayi, chamanga tayala la kumanzere ndi la kumanja. Mbali ino ikafuna kugwada, inayo imaikoka. Ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi. Kanalipo kakang'ono ngati chala, ine ndaika chonenepa."

"Anakutumani ndani?"

"Bwana mwini lole."

"Bwanayo anakwerapo liti pamwamba apa kuti adziwe zopendekeka? Anamuuza ndani?"

Che Uladi anayang'ana kumadzi ngati mvuu yawaitana.

"Nanga akazi anu a Zaina," anapitiriza Che Lukiya, "ndinawaona pa Nsanama akugula madengu aakulu atsopano. Munthu wosadziwa kusiyanitsa mlamba ndi chule, madengu achita nawo chiyani?"

"Iyayi, amayi, amenewo ndi a chimanga."

"Chimanga cha m'madzi?"

Tonse tinaseka, mpaka Wyson anati mayiyu angakayikire ngakhale mthunzi wake. Koma mlungu wotsatira lole itafika ku Chiuta, kumbuyo kwa dalaivala kunali kutakhala kale a Zaina, mpango watsopano kumutu, madengu aja ali m'mbali, ndipo sanali kununkha chimanga. Wyson analankhula akuyang'ana matayala. Anati lole yachira, wokuwa safunikanso, malo ndi a amene wayamba kufika, ndipo aliyense azilipira. A Zaina anali atayamba kufika, pakuti anakwerera ku Balaka.

Tsono ngati Che Uladi anaika chitsulocho pofuna kupulumutsa makosi athu kapena pofuna kukweza akazi awo, ine sindikudziwa. Iwo analumbira kuti anaona lole ina itagona chagada pa makona omwewo, mtima n'kuwawawa. Mwina. Chitsulocho chinkagwiradi ntchito, ngakhale pa mabampu a ku Kawinga chinkatigwedeza mpaka mano kuwombana. Koma madengu anagulidwa chitsulo chisanaikidwe, ndipo zimenezo Che Uladi sanazilongosole mpaka kumanda.

Che Lukiya anayang'ana a Zaina, n'kuyang'ana malo otsala kumbuyo kufumbi, n'kutsitsa madengu awo.

"Ine sindikwera chinthu chosagwada. Chogwada chimakuchenjeza. Ichi chidzagwa kamodzi, osatsanzika."

Sanakwerenso. Anasamukira pa Nsanama kwa mchemwali wawo, n'kumagulitsa timilamba m'mbali mwa msewu, tochepa, tobwera pa njinga za asodzi. Malonda a ku sitima anathera pomwepo, ndipo mwana wawo wamkulu anapita kukathyola tiyi ku Mulanje. Lole ikamadutsa ankaimirira, dzanja pachipumi, n'kunena kuti, "Lero igwa." Madzulo ikabwerera yathunthu ankati, "Yachenjera." A Zaina ankawabayibitsa ali pamwamba, ndipo Che Lukiya ankayankha ndi mawu a Chiyao amene abambo a ku mishoni anandiletsa kulemba.

Loleyo sinagwe. Inakalamba, inayamba kutsokomola, n'kukafera kuseri kwa sitolo ku Balaka, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Ine, pokhala munthu wokonda mtendere, ndinakwera njinga mpaka pa Nsanama kukawauza. Ndinawapeza imvi zili mbuu, maso atayamba kuchita chifunga.

"Che Lukiya, mdani wanu uja wafa imfa ya ukalamba. Sanagwe."

"Munasuzumira pansi pake?"

"Ndinasuzumira."

"Chitsulo chija chilipo?"

"Palibe. Akuti Che Uladi anamasula."

Anaingitsa ntchentche pa nsomba.

"Ndiye mwabwera kudzaseka chiyani? Pitani mukafufuze kumene Che Uladi akachimangirira. Kumeneko kuli mayi wina amene akutsitsa madengu."