Kabotolo m'Nsanza Yonyowa

Titatha zaka zinayi m'banja popanda mwana, azilamu anga anayamba kulankhula mokweza ngati ndilibe makutu. Mkazi wanga anali atapimidwa kale, anamupeza ali bwinobwino. Wotsala ndinali ine.

Dotolo wa ku Ulongwe anandipatsa kabotolo koti ndithiremo umuna, nandilozera kachipinda ka kuseri. Pakhomo pake panali mzere wa amayi oyembekezera, ena a kwathu ku Lifidzi. Manyazi anandigwira, ndinalephera. "Kachitireni kunyumba, bambo, koma mufike nako msanga," anatero dotoloyo. Ananenanso zina za kasungidwe kake, koma ine maso anali pa chitseko.

Ine ndine woweta nkhuku. Katemera wa chitopa ndimamudziwa: akatenthedwa watha ntchito, ndiye timamukulunga m'nsanza yonyowa. M'mawa wa Junyo umenewo, chisanu chikuluma zala, ndinakulunga kabotolo kanga chimodzimodzi, n'kukamangirira kutsogolo kwa njinga yamoto kuti kazipitidwa mphepo. Ndinkadziona wochenjera zedi.

Pepala la analize, la zotsatira za kupimako, linati mbewu zambiri sizikuyenda. Dotolo anati ndipitenso pakatha miyezi itatu tikabwereze. Sindinapite. Kukamvanso kachiwiri kuti ndinagwa m'papaya? Ayi ndithu.

Mkazi wanga analira, nati, "Tikhala chomwechi, banja si ana okha." Koma ine mtima unali utauma. Azakhali anga atanong'oneza zobweretsa mwamuna wina m'nyumba kuti atiberekere, mkwiyo wonse ndinauthira pa wosalakwayo. Ndinkautsa ndewu pa mchere, pa nyemba zosapsa. Pomaliza ndinaitana ndekha ankhoswe, ndikudzinamiza kuti ndikumumasula.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, vuto la mkodzo linandikweza shapa, minibasi ija, mpaka ku Tete. Kumeneko anandipimanso umuna, ulendo uno pompopompo. Mayi wa m'laboratoryo analandira kabotolo n'kukaika m'kabokosi kofunda. Ndinafunsa chifukwa chake.

"Zimenezi zimafuna kufunda kwa thupi, bambo. Zikazizidwa zimaima, zikatenthedwa kwambiri zimafa. Wochokera nazo kunyumba timamuuza azibise m'malaya, pakhungu."

Ndinawafotokozera za nsanza. Sanaseke. "Mwina tsiku limenelo anapima chisanu, osati inu," anatero. Zotsatira zitatuluka, mbewu zinali zocheperapo pang'ono, koma zoyenda, zokwanira kubereka. Ndinakhala pansi pakhonde, m'kutentha konse kwa Tete.

Mkazi wanga wakale uja anakwatiwa ku Kalomwe, ali ndi ana atatu. Mwezi wathawu tinakumana pamsika wa Ulongwe, akugulitsa mbatatesi. Ndinkafuna kumuuza za nsanza ija. Anandiyang'ana mwachifundo, chifundo chimene chimandipweteka mpaka lero.

"Musamadziimbe mlandu, bambo," anatero. "Simunalakwe kanthu. Ndi mmene Mulungu anakulengerani."

Ndinavomera ndi mutu.