Mkangano wa Lamulungu Masana ku Dambe

Ndinafika ku Dambe mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa, nditatumizidwa kukagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo. Kwathu ndi ku Chifunga, kotentha, ndipo sindinkadziwa kuti m'boma lathu lomweli muli malo oti munthu n'kumaona nthunzi ikutuluka m'kamwa mwake m'mawa. Nyumba imene anandipezera inayandikana ndi ya mphunzitsi wina wa kusekondale, bambo wamtali, wometa mpala, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi ndi zisanu. Ine ndinkangowaitana kuti aphunzitsi. Iwo ankanditchula kuti adokotala, ngakhale ankadziwa bwino kuti ntchito yanga inali yoyeza ana pasikelo ndi kuyendera zimbudzi m'midzi.

Aphunzitsiwo anali ndi laputopu yakale imene anawasiyira mzungu wina amene anaphunzitsapo pasukulupo kwa chaka chimodzi. M'katimo munali mafilimu ambirimbiri, ndipo mzunguyo ananena kuti iliyonse inapambanapo mphoto yaikulu kunja, monga filimu yabwino koposa ya chaka chake. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, aphunzitsi ankatchinga zenera ndi chitenje cha akazi awo, n'kuika laputopuyo pampando. Batire ya sola inkangokwanira filimu imodzi. Kukakhala mitambo inkatha filimu ili pakati, ndipo mathero tinkadikira mpaka sabata inayo.

Yoyamba imene anandionetsa inali ya bambo wina wolemera, wokhala yekha m'nyumba yaikulu m'mbali mwa nyanja. Kwa maola awiri bamboyo ankangoyenda m'zipinda, kutsegula mazenera, kutsekanso, n'kumaimbira foni anthu amene sankayankha. Itatha ndinayang'ana aphunzitsi.

"Imeneyi ndiye mwati inapambana mphoto?" ndinafunsa.

"Inapambana, ndipo inayenera."

"Koma sipanachitike chilichonse. Munthuyu ali ndi nyumba, ali ndi galimoto, chakudya chili m'firiji. Akudandaula chiyani?"

"Inu adokotala mwaonera ndi mimba," anatero. "Mukhale pansi, ndikuuzeni zimene zakudutsani."

Anayankhula mpaka tiyi anazizira. Sindinavomere chilichonse, ndipo ndinaona kuti kukana kwangako kunawasangalatsa. Akazi awo, amene ndinkawatchula kuti alamu, anandiuza pambuyo pake kuti aphunzitsi anzawo onse anasiya kubwera chifukwa ankangovomereza zilizonse, mwinanso kugona filimu ili mkati.

Kuyambira pamenepo funso lathu linali limodzi: mwa mafilimu onsewa, ndi iti imene sinayenere mphoto m'pang'ono pomwe? Ine ndinakakamira pa ya bambo wolemerayo. Aphunzitsi ankaloza ina ya nkhondo, imene ine ndinkaikonda kwambiri moti ndinapempha kuti tiibwereze katatu. Inali ndi mfuti, moto, ndi nyimbo zoti munthu tsitsi n'kumanyerenyetsa. Ndinagwetsa misozi poionera, ndipo iwo anandiona.

"Kukuliritsani si luso," anatero tsiku lina tikusenda mbatatesi yowiritsa. "Aliyense atha kupha mwana pakanema n'kuikapo nyimbo yachisoni, inu mulira basi. Kumeneko ndi kuba misozi. Amene anapereka mphotowo anaberedwa ngati inuyo."

"Nanga ya bambo wanu uja inaba chiyani? Inandibera maola awiri."

Alamu nawo anali ndi mbali yawo. Sankakhala pansi kuonera, ankangodutsa ndi mbale n'kuponya diso. Iwo ankati filimu iliyonse imene munthu amadzuka patebulo n'kusiya mbale yodzaza ndi chakudya chifukwa chokwiya isapatsidwe kanthu. Aphunzitsi ankawayankha kuti ndiye kuti mphoto zonse zibwezedwe, pakuti azungu a m'mafilimuwo palibe amene anamalizapo kudya.

Tinakhala choncho zaka zitatu. Mkanganowo unkatitsatira kulikonse, kumsika, pa mjigo, ngakhale pobwera kumaliro. Nthawi zina ankandiimitsa panjira ndili pa njinga, buku la ntchito lili m'chikwama, n'kunena kuti aganizira mfundo ina usiku wathawu. Ankasintha maganizo pa mafilimu ena, koma pa ya nkhondoyo sanasunthe.

M'chaka chachitatucho anayamba kundipempha kuti ndiziwawerengera mawu achingerezi amene ankalembedwa m'munsi mwa kanema. Ankati galasi la laputopu lakalamba, zilembo zikuoneka ngati zanyowa. Ine ndinkaziona bwinobwino, koma sindinafunse zambiri. Ankakhala ndi jagi ya madzi pambali pa mpando, ndipo filimu isanathe jagiyo inkakhala itauma. Ankaimitsa filimu kawiri kapena katatu kupita kuseri. Malaya anayamba kuwakulira. Zonsezi ndinkaziona sabata ndi sabata, ine amene ndinkaima pamaso pa anthu m'midzi kuwauza zizindikiro za matenda a shuga. Ndinakhala pambali pawo pafupifupi chaka chathunthu, maso ali pa kanema, ndikukonza zoti ndiwayankhe. Amene anandidzutsa anali alamu. Anabwera kunyumba kwanga m'mawa wina, n'kuima pakhomo osalowa, ndipo anati:

"Alamu, abambo aja dzulo aphonya kapu pothira tiyi. Athira patebulo, osazindikira. Kodi inu simukuona kanthu?"

Tsiku lomwelo ndinawatengera kuchipatala chathu. Shuga anapezeka wokwera kwambiri. Anayamba kulandira mankhwala, ndipo za maso anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Inali nthawi ya mvula, msewu wotsika m'mapiri unali woterera, ndipo anadikira masabata angapo asananyamuke. Atabwerako sanandiuze okha zimene anamva. Alamu ndiwo anandiuza kuti diso lamanzere linali litatheratu, ndipo lamanja madokotala angoyesa kulichedwetsa.

Ndinapita kukapepesa. Ndinawauza kuti ndinayenera kuona msanga.

"Inu mumaonera ndi mimba, ndinakuuzani kale," anatero, n'kuseka pang'ono. Kenako anati, "Musadzivute. Ineyo ndinkadziwa kuti china chake chalakwika, koma ndinkaopa kumva dzina lake."

Sitinasiye kukumana. Tsopano ine ndinkakhala pafupi ndi laputopu n'kumawafotokozera zimene zikuchitika: mayi uja walowa, wavala zofiira, akuyang'ana pansi. Ankandidzudzula kuti ndikufotokoza ngati ndikulemba lipoti la ntchito. Ankafuna kudziwa ngati kuwala kukuchokera pazenera kapena pa nyali, ngati munthuyo wayang'ana mnzakeyo asanayankhe kapena atayankha. Zina ankazikumbukira kuposa ine amene ndinkaona.

Lamulungu lina anasankha filimu imene kale ankaiyamikira kwambiri. Inali ya bambo wokalamba wodwala, amene ana ake onse anasiya ntchito zawo m'mizinda n'kubwerera kwawo kudzamusamalira. Bamboyo ankanena nthabwala ali pabedi, ndipo chipinda chake chinali chodzaza ndi maluwa. Titafika pakati, pamene mwana wamkazi ankamumeta ndevu bambo akeyo, aphunzitsi anakweza dzanja.

"Imitsani."

Ndinaimitsa, ndikuganiza kuti akufuna kupita kuseri.

"Ndi imeneyi," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikunamizira ya nkhondo ija. Ija inangoba misozi. Iyi ndi yabodza."

"Koma inu nomwe munkati palibe ina yoposa imeneyi pa nkhani ya banja."

"Ndinkanena ndili ndi maso. Munthu wodwala sanunkhira maluwa, adokotala, inu mukudziwa. Dzulo ndagwa popita kuchimbudzi, ndakhala m'matope mpaka amayiwa atabwera kuchokera kudimba. Ana anga awiri amaimba foni Loweruka, mphindi zitatu, n'kumati bambo limbani mtima. Sindikuwaimba mlandu, ali ndi mabanja awo, wina ku Lilongwe wina ku Joni. Koma amene anapanga filimuyi sanadwalepo, ndipo amene anampatsa mphoto ankafuna kuuzidwa kuti kudwala kumakhala chonchi."

Ndinayesa kuiteteza filimuyo, ngakhale kuti ineyo sindinkaikonda kwenikweni. Ndinati mwina kuli mabanja ena otero, ndinatinso filimu siyenera kufanana ndi moyo nthawi zonse. Ndinkangofuna kuti apitirize kuyankhula, andilalatire ngati kale. Anangoti nditseke laputopuyo, ndisunge batire kuti alamu atchajire foni. Alamu anali ataima pakhomo la kuchipinda, atanyamula beseni.

Chaka chimenecho chisanathe anapuma pantchito chifukwa sankathanso kuona pabolodi. Nyumba inali ya sukulu, ndiye anayenera kuchoka. Anapita kwawo kwa alamu, mudzi wina wa cha ku Matope. Tsiku losamuka, katundu atakwezedwa kale pa lole, anandipatsa laputopu ija ili m'thumba la pulasitiki. Ndinakana. Alamu anati nditenge, kumeneko ingokadyedwa ndi fumbi.

Ndinalonjeza kuti ndizipitako mwezi uliwonse. Ndinapitako kamodzi kokha, patatha pafupifupi chaka. Ndinganene kuti ndi kutali, kuti ntchito inachuluka, ndipo zonsezo ndi zoona, koma chenicheni n'chakuti ndinkaopa. Ndinatsika pa njinga yamoto ya kabaza, laputopu ili kumsana, nditaitchaja mpaka kudzaza. Ku Matope kunkatentha ngati kwathu ku Chifunga. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, phazi lakumanja litakulungidwa ndi nsalu chifukwa cha chilonda chimene sichinkapola. Anali ataonda kwambiri, ndipo tsitsi linali litamera, loyera, pamutu pamene ndinazolowera mpala.

"Muli bwanji aphunzitsi?"

"Ndi adokotala eti? Mwatikumbukira. Tilipo."

Tinakamba za ku Dambe, za mvula, za mbatatesi imene inaola m'minda chaka chimenecho. Ankayankha mwachidule. Kenako ndinatulutsa laputopu n'kunena kuti ndabwera nayo, asankhe yoti tionere. Anati asankhe ndine. Ndinaona kuti palibe chimene akufuna, ndiye ndinaganiza zowaputa.

"Ndakhala ndikuganiza," ndinatero. "Ya nkhondo ija ndi yabwino kuposa onse m'menemu. Ndipo ya bambo wolemera uja, ndikubwerezanso, ndi yachabechabe. Mphoto yake akanampatsa woyendetsa lole imene inanyamula makamera."

Ndinadikira. Kale mawu ngati amenewa akanawadzutsa pampando. Anapendeketsa mutu kuloza kumene kunkachokera mawu anga.

"Mwina mumanena zoona, adokotala," anatero.

"Ayi, simungavomere chonchi. Inu munkati ndimaonera ndi mimba."

"Ndinkatero eti? Mwina ndinkalakwitsa. Sindikuzikumbukanso bwino nkhope zake. Onerani inuyo, ine ndizimva."

Sindinatsegule. Tinakhala pakhondepo mpaka dzuwa linapendeka, ntchentche zikutera pansalu ya kuphazi, ine ndikuziingitsa ndi chipewa. Alamu anabweretsa nsomba zowamba, ndipo aphunzitsi anangodya pang'ono. Pondiperekeza kumsewu alamu anandiuza kuti masiku ambiri amatha aphunzitsi osayankhula, ndipo wailesi imene ana anawatumizira anawauza kuti aipereke kwa ena. Ndinawalangiza za chilondacho, kuti asachedwe kupita nacho kuchipatala. Anati anapitako kale kawiri, ndipo akudziwa kuti madokotala akufuna kudula phazilo, koma abambowo akukana.

Aphunzitsi anamwalira mwezi wa Febuluwale wotsatira. Foni ya alamu inandipeza patapita masiku awiri, chifukwa netiweki ku Dambe inali itasowa ndi mvula. Pamene ndinkamva anali ataikidwa kale. Ndinapita kukapepesa maliro patatha sabata, ndipo alamu anandionetsa manda. Ndinafunsa ngati ananenapo kanthu kumapeto. Anati ayi, anangopempha madzi.

M'nyumba ya sukulu ija ku Dambe munalowa mphunzitsi wina, bambo wa ana atatu, munthu wabwino ndi waulemu. Atamva kuti ndili ndi mafilimu anabwera ndi foni yake kuti ndimuikiremo angapo. Ndinamusankhira asanu, ndipo ndinamuuza kuti akaonera abwere tidzakambirane. Patatha masabata awiri ndinakumana naye pa mjigo, ndipo ndinamufunsa kuti ndi iti imene waiona kuti sinayenere mphoto.

"Pepani achimwene, ndinangoyamba imodzi n'kuona kuti ikuchedwa," anatero. "Ndinafufuta onse, foni inadzaza. Mulibe ena a karate?"

Ndinamuuza kuti ndilibe. Anathokoza, n'kusenza ndowa yake kumapita.