Mng'alu wa Bambo

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinapisa dzanja mumng'alu wa khoma la nyumba yathu ku Cateme, zala n'kutulukira panja. Nyumbayo inali isanathe zaka ziwiri chitipatsireni a kampani ya malasha, atatisamutsa kuchoka kwathu ku Bagamoyo, m'boma la Moatize. Kumeneko bambo anali mmisiri woumba njerwa, koma kuno kunalibe dothi labwino ngakhale wogula. Kumgodi ndinapempha ntchito katatu, osanditenga. Mnzanga Fernando wa ku Zóbuè ataimba foni kuti ku Joni kwapezeka ganyu, sindinafunse n'komwe kuti ndi ganyu yanji.

Ganyuyo inali yopopera thovu m'madenga. Mankhwala a m'migolo iwiri amakumana m'paipi, ukapopera amafufuma ngati mandasi m'mafuta, kenako n'kuuma gwa, kutseka kabowo kalikonse kuti chisanu chisalowe. Chisanu cha ku Joni sichiseka ndi munthu. Ine wokulira padzuwa la ku Moatize ndinkakwawa m'madenga a anthu olemera kuwatsekera mphepo, ndikaweruka n'kukagona m'kachisakasa ka malata momwe mphepoyo inkalowa mmene yafunira. Ndinkasungulumwa, ndisaname. Ndikaimba foni, mayi ankangoti, "Bambo ako akutsokomola, fumbi ndi mphepo zikulowera pakhoma paja." Ndalama ya simenti ndinkatumiza, koma khoma osamatidwa. Mumtima ndinkati madala akumwera kachasu thukuta langa.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi ndinabwerera ndi timigolo tanga tiwiri. M'shapa, minibasi yochokera ku Tete, anthu anandiseka. "Mankhwala a chisanu ku Moatize? Shamwali, Joni yakupengetsani!" Ndinawayankha kuti chotseka chisanu chimatsekanso kutentha, adzabwera okha kudzandipempha.

Mng'alu ndinaupeza utakula, mkono wonse kulowa. M'mbali mwake munali timizere ta makala tosonyeza kukula kwa mng'aluwo, kalikonse ndi chaka chake. Simenti yanga inali pakona, itauma m'matumba momwemo. Nditangoyamba kulumikiza paipi, bambo anaima kutsogolo kwa khomalo.

"Ukufuna kutani?"

"Kutseka, baba, kuti chifuwachi chikusiyeni."

"Iwe, ndinayamba kuumba njerwa usanabadwe. Ukuyesa kumata sinditha? Nyumbayi ilibe maziko. A kampani akabwera ndi mapepala awo, ndimawagwira dzanja n'kulipisa umu. Ukatseka, akalemba kuti tikukhala bwino."

"Ndiye mufe ndi chifuwa chifukwa cha umboni?"

"Ndikafa, khomali litsala likunena."

Ndinapsa mtima, kenako ndinachita manyazi. Munthu amene ndinkamuyesa chidakwa anali akupuma fumbi dala, chaka ndi chaka, kuti a kampani asamunamizire kuti anamupatsa nyumba. Nditazungulira mudzi ndinaona kuti si iwo okha. Makoma ambiri anali yasa, eni ake akudziwa bwino kumene simenti imagulitsidwa.

Thovu ndinapopera kudenga kokha, bedi la bambo n'kulisamutsira kuchipinda china. Masana m'nyumba munayamba kukhalika, ndipo oyandikana nafe anabweradi kudzapempha. Thovulo linathera pamadenga atatu, koma khoma sindinakhudze ngakhale limodzi.

Bambo tinawaika m'manda chaka chatha. Fernando amaimbabe kuti ndibwerere, ine ndimakana. Kamzere ka chaka chino ndalemba ndine. Mwezi watha kunabwera munthu wa kampani, nsapato zopukuta, mapepala m'khwapa, n'kufunsa ngati pali dandaulo lililonse. Ndinangomugwira dzanja.