Ana a Zorka Analowa M'khoti

Tsiku limene a banki anamuuza kuti amulanda nyumba, Zorka anali chogwada m'galaja, akukolopa magazi m'ambulansi. Mayi amene anapulumutsa anthu zaka ndi zaka m'midzi ya kumapiri kuno ku Serbia anali atasandutsidwa wotsuka galimoto. Cholakwa chake chinali kufunsa ndalama za maola owonjezera.

Inu amene mwatopa ndi kudikira chilungamo, imvani nkhaniyi.

Ife a pa ambulansi, tikagwira usiku timaweruka m'mawa. Koma foni ikalira uli pakhomo, sunganene kuti ndaweruka. Umakwera, n'kudzabwera dzuwa lili pamutu. Zorka anachita zimenezi mpaka ana angapo anabadwira m'manja mwake panjira. Ndipo kwathu kuno, mwana akabadwira m'ambulansi, makolo amapempha womulandirayo kuti akhale mayi wa ubatizo n'kumupatsa dzina. Atsikana ankakhala Zorka, anyamata Zoran.

Koma maola amenewo sankalipidwa.

"Mayi, pa kompyuta palibe," anatero bwana Radoje, mkulu wa siteshoni, akumwetulira ngati wogulitsa galimoto yakufa. "Mumati mukaweruka, mumapita kwanu."

Zorka anakasuma. Poyamba ambiri anali naye, kenako anayamba kuzemba mmodzimmodzi. Zokambidwa pa khofi m'mawa, masana bwana amakhala atazimva kale. Panali kazitape pakati pathu, ndipo zinkawawa.

Maso a Zorka anagwera pa Milutin, dalaivala wake. Munthuyu anayamba kumwa rakija, kachasu wa kuno, ndi bwana, ndipo Lamlungu lililonse ankasowa osatsanzika.

"Iwe Milutin, akugula ndi zingati?"

"Achemwali, akanandigula bwenzi nsapatozi zikuyasamula chonchi?"

"Njoka sivala nsapato. Choka!"

Kuyambira pamenepo sanalankhulane. Zorka anagulitsa mphete kuti alipire loya, nkhani n'kumangoimitsidwa kukhoti, iye n'kumabwererabe. Anzake anati angosiya. Iye ankayankha kuti mlandu suwola.

Tsiku lomaliza, loya wa bwana anaimirira modzikuza. "Umboni uli kuti woti mayiyu ankagwira ntchito ataweruka?"

Chitseko chinatseguka. Analowa Milutin. Zorka anati mumtima: basi, wabwera kudzandimaliza. Koma kumbuyo kwake kunali amayi a kumapiri atavala mipango yawo, aliyense atagwira mwana padzanja.

"Zorka, imirira!" anatero mayi wina. Atsikana atatu anaimirira limodzi, khoti lonse n'kuseka.

Mayiyo sanaseke. "Bwana woweruza, uyu anabadwa anthu akudya cha masana, mudzi wonse ukudziwa. Ngati amayiwa anali kwawo, mchombo anadula ndani? Mngelo?"

Wina anati wake anabadwa belu la masana la tchalitchi likulira. Winanso anati amuna ake anali atabwerako kale kumunda. Woweruza anaitanitsa zolembedwa za kuchipatala, ndipo nthawi zinagwirizana. Bwana Radoje anangoti zyoli.

Panja, Zorka anamugwira Milutin pamkono. "Nanga rakija uja?"

"Munthu ukamamwa naye sakufunsa komwe umapita Lamlungu. Ndinkakwera kumapiri kukafunafuna ana anuwa. Ndikanakuuzani, khofi akanaulula."

Zorka analira ngati mwana.

Ndalama zinatuluka, nyumba sinalandidwe, ndipo anabwerera pa ambulansi. Anzake othawa aja anatulukiranso ndi madandaulo awo, manyazi atawaika m'thumba. Kazitape weniweni sitinamudziwe mpaka lero. Tikamamwa khofi timayang'anabe m'maso.

Mwina nanunso akukuuzani kuti thukuta lanu silikuoneka paliponse. Musawakhulupirire. Angathe kufufuta maola pa kompyuta, koma sangafufute mwana amene akuyenda ndi dzina lanu. Mtima usagwe, pitirizani kugogoda.