Chaka Chimene Tsekwe Anapitirira Kapitawo

Kalipentala wa kumapeto kwa msewu ndi munthu wosadziwa kunama. Si kuti ndi woyera mtima kuposa anzake ayi. Ntchito ndiyo inamuzoloweza, chifukwa tsiku lililonse amachita ndi tepi yoyezera, ndipo tepi sinyengerera munthu.

Ali ndi ana atatu. Wachisamba, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amamutchula Kapitawo chifukwa cholamula. Wotsatira ndi Tsekwe, wa khosi lalitali, wodya ngati akumuthamangitsa. Kamlongo kawo kakadakwawa, ndipo ntchito yake ndi kudya utuchi.

Chaka chilichonse kuzizira kukatha, mitengo ikayamba kuphukira, mayi awo amachapa majuzi n'kuwatsekera m'sutikesi. Tsiku lomwelo kalipentala amaimika anyamatawo pa felemu ya chitseko cha kukhitchini. Sikweya yake yoyezera makona pamutu, mzere wa pensulo pa thabwa. Lamulo la m'nyumbamo ndi lakuti wamtali amapita kwa telala kukasoketsa kabudula ndi malaya, winayo amalandira zimene zamuthina mnzake. Palibe anaganizapo kuti wamtali angakhale wina osati wamkulu.

Chaka chimenecho anayamba ndi Kapitawo. Mwanayo anaima chilili ngati msilikali, mzere unalembedwa. Kenaka Tsekwe anabwera akutafuna, anaima mopindika, koma sikweya inakagwa pamwamba pa mzere wa mkulu wake ndi chala chimodzi.

Kalipentala anayezanso kawiri. Anamuvula Tsekwe chipewa, anamupsinja tsitsi, anayang'ana ngati waponda kanthu. Chala chija sichinachoke.

"Pitani mukasewere," anatero.

Ana atatuluka, mkazi wake analeka kupinda majuzi.

"Bambo, tsitsani kamzere ka Tsekweko pang'ono. Ndani adziwe?"

"Ine."

"Inu ndinu wamkulu, mupirira. Mwanayo akavala zosiya mng'ono wake, anzake akamuseka msewu wonse."

"Ndiye ndimuuze kuti ndi wamtali pamene si wamtali?"

"Matebulo mumadula miyendo tsiku ndi tsiku."

"Tsekwe si tebulo, mayi."

Anapita ku shedi kukapala thabwa limene linali lopala kale. Pawindo ankaona anyamata ake pansi pa mtengo umene unali utangochita maluwa. Kapitawo ankaloza uku ndi uku, Tsekwe ankanyamula njerwa, ndipo onse awiri anali okhutira ndi dongosolo limenelo. Kalipentala ankadziwa kuti mawu ake akhoza kuligwetsa. Ankadziwanso kuti mwana ukamunamiza pa chitseko, galasi lidzamuuza zoona pasanathe mwezi, ndipo sadzakhulupiriranso bambo ake.

Dzuwa litapendeka anawaitana.

"Tsekwe ndiye wamtali. Wapitirira ndi chala chimodzi. Mawa apita kwa telala."

Tsekwe anayang'ana mkulu wake ngati wamuponda mwangozi.

"Pepani achimwene, sindinachitire dala."

"Wadyera dala!" anakuwa Kapitawo. "Ababa, muyezenso. Anayimira zala!"

"Ndayeza katatu."

"Ndiye tepi yanuyo ndi yowonongeka."

"Tepiyo ndi imene imakudyetsa."

Kapitawo anathamangira ku shedi n'kukalowa pansi pa benchi yogwirira ntchito. Sanalire mokweza, chifukwa udindo sunalole. Mayi anayang'ana mwamuna wawo ndi diso lakuthwa.

Kalipentala analondola mwana wake. Mwanayo anali atabisala yense kupatula mapazi, amene anatsalira kunja. Bamboyo anaima n'kuwayang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira thabwa asanaligule. Nsapato yakumanja inali itang'ambika kutsogolo, chala chachikulu chikusuzumira.

"Usasunthe," anatero.

Anavula nsapatoyo, anagoneka tepi kuchokera ku chidendene kukafika ku chala. Kenaka anaitana Tsekwe n'kumuyeza chimodzimodzi, phazi lomwelo, tepi yomweyo. Anabwereza katatu kuti pasakhale wodandaula.

"Tuluka umve. Kutalika wakupitirira, ndipo zimenezo sindisintha. Koma phazi lako ndi lalikulu ndi zala ziwiri. Nsapato zatsopano ndi zako, iyeyu avala zosiya iwe."

Pansi pa benchi panatuluka mawu.

"Zala ziwiri?"

"Ziwiri."

"Iye chimodzi chokha?"

"Chimodzi."

Kapitawo anatuluka chafutambuyo, utuchi uli mbuu m'mutu. Anatola nsapato yong'ambika ija n'kupatsira mng'ono wake.

"Tenga. Uzisamale, ndi zolimba."

"Zikomo achimwene," anatero Tsekwe, akuyang'ana pansi pang'ono kuti aone nkhope ya mkulu wakeyo.

Mayi anafika pakhomo la shedi atanyamula kamlongo kaja m'chiuno.

"Ndiye tsopano ndi telala ndi nsapato zomwe? Chikhala munangotsitsa kamzere kaja, bwenzi tikugula chimodzi."

"Inde," anatero kalipentala, akupinda tepi. "Ndaona."